Za M'khola la Nkhuku: Mwafunsa, Ndikuyankheni

Makalata ambiri amene ndalandira ulendo uno alembedwa nkhuku zitayamba kale kufa, ndipo onse akufunsa chimodzi: ndigule mankhwala anji? Ndiyambira pomwepo, chifukwa funso limeneli limandiwawa mtima nthawi zonse ndikaliwerenga. Makalata aatali ndawafupikitsa, koma nkhani yake ndaisiya mmene inalili.

FUNSO: Ndinali ndi nkhuku 18, koma mlungu umodzi wokha zafa 13. Zimayamba ndi kuodzera, mapiko n'kugwa, chitosi n'kukhala chobiriwira, zina khosi limapindika mpaka mutu kuyang'ana kumwamba. Ndasungunulira makapisozi m'madzi akumwa, ndayesanso tsabola, koma palibe chasintha. Ndi mankhwala ati amphamvu amene angapulumutse zisanu zatsalazi? *Mayi wothedwa nzeru*

YANKHO: Pepani kwambiri, mayi. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi chitopa, chimene ena amati chideru. Wotsimikiza ndi mlangizi kapena dokotala wa ziweto amene angazione ndi maso, ndipo muitaneni lero lomwe, chifukwa chimfine cha mbalame nachonso chimasesa khola mofananamo, ndipo chimenecho chimatha kugwira munthu. Koma ngati chili chitopa, sindikubisirani: mankhwala ochiza kulibe. Chitopa chimabwera ndi vayirasi, pamene makapisozi aja ntchito yake ndi kupha mabakiteriya. Mukawathira m'madzi ndalama yapita, vayirasi ili chikhalire, ndipo mankhwalawo amatsalira m'nyama ndi m'mazira amene banja lidzadye.

Ndikudziwa kuti alipo okuuzani kuti iwo tsabola anawathandiza. Chimene chimachitika n'chakuti mliri ukadutsa pamatsala nkhuku zingapo zimene zalimbana nawo pazokha n'kupulumuka. Amene anathira tsabola tsiku lomaliza amatamanda tsabola, amene anathira phulusa amatamanda phulusa, zija zinafa osaziwerengera.

Zisanu zatsalazo zitsekereni, zodwala kwina, zooneka bwino kwina, madzi oyera ndi chakudya zili pafupi. Zakufa muzikwirire mozama kapena muziwotche. Musaponyere agalu, chifukwa galu akakokera nyama ndi nthenga kwa anzanu, matenda apita nawo. Ndipo chonde musagulitse kapena kupatsa wachibale nkhuku iliyonse ya m'khola limeneli pofuna kupulumutsako kanthu. Nkhuku imatha kutenga kachilomboka n'kumayenda bwinobwino masiku 5 kapena 6, nthawi zina mpaka milungu iwiri, isanaonetse chizindikiro. Chitopa chimayenda chomwecho: m'dengu la wogulitsa, pa nsapato za mlendo amene waponda chitosi, m'nkhuku ya mphatso. Zikatha, palani zitosi zonse, tsukani khola ndi ziwiya, mulisiye louma lopanda nkhuku mwezi wathunthu musanalowetse zina.

Chitetezo chake ndi katemera, ndipo amathandiza nkhuku zimene sizinadwale. Pa botolo mupeza palembedwa Newcastle, dzina la mzinda wa ku England kumene matendawa anaonekera mu 1926, chaka chomwe anaonekeranso pa chilumba cha Java ku Indonesia. Kwa ife a nkhuku zochepa, katemera amene ndimamukonda ndi I-2. Anakonzedwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Queensland ku Australia poganizira alimi okhala kutali ndi firiji, choncho amapirira kutentha kuposa anzake, ngakhale naye safuna kusiyidwa padzuwa. Ndi dontho limodzi m'diso, kaya ndi tambala wamkulu kaya mwanapiye woswedwa dzulo, ndipo mumabwereza miyezi inayi iliyonse, katatu pachaka. Pali wina wotchedwa La Sota, amene amafuna kukhala pozizira nthawi zonse ndipo kawirikawiri amathiridwa m'madzi akumwa. Mukagwiritsa ntchito ameneyu, madzi asakhale othira klorini, chiwiya chisakhale chachitsulo, ndipo amwedwe onse pasanathe maola awiri. Ine ndimasankha wa m'diso chifukwa ndimadziwa kuti iliyonse yalandira. Pa madzi, yamphamvu imamwa kawiri yamantha isanalaweko.

Ndimatemera m'mamawa nkhuku zisanatuluke, imodziimodzi, ndipo ndikadontheza ndimadikira dontholo lilowe ndisanaisiye. Tsikulo ndimalilemba ndi khala pa chitseko cha khola, pamodzi ndi mwezi wobwereza. Dziwaninso kuti chitetezo chimatenga mlungu umodzi kapena iwiri kuti chikhwime m'thupi. Ambiri amathamangira katemera atamva kuti kwa aneba nkhuku zayamba kugwa, zawo zitatenga kale matenda, kenaka zikafa amati katemera ndiye wapha. Botolo limodzi limakwana nkhuku zambiri kuposa za banja limodzi, choncho gwirizanani ndi oyandikana nawo mutemere tsiku limodzi. Nkhuku zoyenda zokha zimasakanikirana masana onse, ndipo zanu zimatetezeka bwino za anzanu zikakhalanso zotemera.

FUNSO: Thadzi langa limaswa bwino, anapiye 10 kapena 12 ulendo uliwonse, koma ofika pokula amakhala awiri kapena atatu. Kodi vuto ndi thadzili, ndilisinthe? *Bambo wa nkhuku zachikuda*

YANKHO: Thadzi loswa 12 musaligulitse, bambo, limenelo ndi chuma. Vuto lili pa milungu 6 yoyamba ya anapiyewo. Taganizirani tsiku la mwanapiye wa masiku atatu. M'mamawa make amutulutsa n'kumuyendetsa m'udzu wa mame, anyowa, azizidwa. Masana make apalasa kutali pofuna chakudya, iye timiyendo tatopa, watsalira. Kumwamba mphamba ndi khwangwala akuzungulira, m'tchire likongwe akudikira, ndipo akafika pa chiwiya cha madzi cha nkhuku zazikulu, agweramo. Thadzi likhale laukali bwanji, silingatchingire ana 12 ku zonsezi.

Mwanapiye wongoswedwa kumene satha kudzifunditsa yekha. Mlungu woyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, ndipo kumatsika ndi madigiri atatu mlungu uliwonse mpaka nthenga zitamera. Pansi pa mapiko a make amakupeza kutenthako, koma pokhapokha make atakhala pansi, ndipo thadzi limene likusakasaka chakudya silikhala pansi. Njira yake ndi kulitsekera pamodzi ndi ana ake m'kakhola kapadera, kouma, kofolera, kotchinga ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono, chakudya ndi madzi n'kumawapatsira momwemo. Mwezi wathunthu asatuluke, kapena ngati simungathe, azituluka mame atauma, inu muli pafupi. Kakhola kanga n'kopepuka, kopanda pansi, moti ndimakasuntha m'mawa uliwonse kuti anapiye aponde dothi latsopano.

Kusunthako kuli ndi chifukwa. Pansi pakanyowa ndi zitosi pamabuka matenda a m'matumbo amene madokotala amati coccidiosis. Amakonda anapiye a milungu 3 mpaka 6, ndipo mudzaona chitosi cha magazi, mwanapiye atafufuma nthenga, maso atatsinzina. Awa ndiye ali ndi mankhwala, monga amprolium, ndipo akaperekedwa msanga amachiza. Pa msinkhu womwewo pamabweranso gumboro, ya chitosi choyera chamadzimadzi, imene ndi vayirasi ndipo imafuna katemera. Amene mumagula anapiye a tsiku limodzi, funsani ndondomeko ya katemera wake musananyamule bokosi.

Pa chakudya, madeya okha salera mwanapiye. Thupi limene likukula limafuna chakudya chimene gawo limodzi mwa magawo asanu ndi zomanga thupi, pamene chimanga ndi madeya zili ndi pafupifupi theka la zimenezo basi. Ngati mungathe, gulani chakudya cha anapiye chosakaniza kale, cha milungu yoyambayo chokha. Amadya pang'ono kwambiri moti kathumba kakang'ono kamakwana. Ngati ayi, sakanizani chimanga chogaya ndi soya wokazinga ndi nsomba zouma zosinja, muziwonjezera chiswe ndi masamba obiriwira oduladula. Soya wamuwisi ayi: ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa thupi kugaya zomanga thupi, ndipo moto ndi umene umaziwononga. Masiku awiri oyamba dzira lowiritsa lophwanyaphwanya limawapatsa poyambira pabwino. Madzi muziika m'mbale yosaya, mutaikamo timiyala kuti azimwa pakati pa miyala osamira.

Amene mukulera anapiye opanda make, ndi nyali kapena mbaula, yang'anani anapiyewo ndiwo akuuzeni. Akaunjikana pamoto n'kumalira, akuzizidwa. Akathawira m'mbali atayasama kukamwa, kwatentha. Akamwazikana n'kumadya mwakachetechete, zili bwino. Mbaula ya makala isakhale m'chipinda chotseka konsekonse, chifukwa mpweya wake umapha anapiye ndi munthu yemwe.

FUNSO: Aneba akudandaula ndi kulira kwa tambala wanga mbandakucha. Ndikamuchotsa, kodi nkhuku zisiya kuikira? *Wokhala pamalo opanikizana*

YANKHO: Ayi, ziikirabe monga kale. Tambala amangofunika kuti dzira lidzaswe mwanapiye, ndiye ngati mukufuna mazira akudya okha mungamuchotse. Ngati mukufuna anapiye, tambala mmodzi amakwana mathadzi 10, ndipo sikuti akhale nanu chaka chonse, chifukwa thadzi likakweredwa limasunga mbewu ya tambala m'thupi n'kumaikira mazira oswa kwa pafupifupi milungu iwiri. Amene mumasunga tambala, muzimusintha pakatha chaka kapena ziwiri kuti asamakwere ana ake omwe.

FUNSO: Ndili ndi nkhuku zamazira 8 zimene zinkaikira tsiku lililonse. Panopa ndimatola awiri kapena atatu, ena a chigoba chofewa. Ndimazipatsa madeya m'mawa ndi zotsala za kukhitchini madzulo. *Mayi wa ana anayi*

YANKHO: Mayi, nkhuku zanu zakhala zikutapa m'matupi awo kuti ziikire, ndipo motapamo mwatha. Dzira limodzi limatenga maola 24 mpaka 26 kuti lipangidwe, ndipo pafupifupi maola 20 mwa amenewo amathera pa chigoba chokha, makamaka usiku. Chigoba chimodzi chimadya magalamu awiri a kashiamu. Nkhuku ikapanda kumupeza m'chakudya imamutenga m'mafupa ake, n'chifukwa chake chigoba chimayamba kufewa, miyendo n'kufooka, kuikira n'kuima. M'madeya kashiamu ndi wochepa kwambiri. Ikani kachiwiya kapadera ka zigoba za nkhono zosinja, laimu wa ziweto, kapena zigoba za mazira zomwezo mutaziumitsa pamoto n'kuziphwanya kuti zisaoneke ngati dzira. Musasakanize m'chakudya cha zonse. Yofuna idzatola yokha, ndipo anapiye ndi atambala safuna wochuluka chotero. Laimu womangira nyumba ndi wina, ameneyo amawotcha.

Nkhuku yamazira imadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, ndipo pa magalamu 100 alionse, 16 akhale zomanga thupi. Zanu 8 zikufuna pafupifupi kilogalamu imodzi ya chakudya chenicheni tsiku lililonse. Zotsala za kukhitchini zikhale zowonjezera chabe, ndipo zamchere wambiri kapena zosasa musazipatse. Ngati zimakhala zotsekeredwa, muziikira timiyala ting'onoting'ono, poti nkhuku ilibe mano, imapera chakudya m'nthutumba ndi timiyala timene yameza.

Simunatchule madzi, ndipo ine ndimayamba kukayikira amenewo. Magawo atatu mwa anayi a dzira ndi madzi. Nkhuku imamwa kuwirikiza kawiri kulemera kwa chakudya chimene yadya, ndipo kukatentha imaposa pamenepo, chifukwa situluka thukuta, imadziziziritsa ndi kupuma mwawefuwefu. Chiwiya chikauma tsiku limodzi lokha, mazira amachepa masiku angapo otsatira. Madzi akhale pamthunzi ndipo asamathe.

Zilipo zifukwa zina zosachokera ku chakudya. Masana akafupika nkhuku zimachepetsa, popeza kuikira kumadzutsidwa ndi kuwala kwa maola 14 kapena kuposa. Kamodzi pachaka zimathothoka nthenga n'kupumula milungu ingapo, ndipo imeneyo si nthenda. Ikapitirira zaka ziwiri, mazira amachepa chaka ndi chaka. Kuti mudziwe imene ikuikira, igwireni usiku mupapase timafupa tiwiri ta pafupi ndi potulukira dzira. Pakalowa zala ziwiri kapena zitatu pakati pake, ikuikira. Pakalowa chala chimodzi, yaima. Mukamva nkhuku ikutetera koma m'chisa mulibe kanthu, itsatireni mawa lake. Mwina yapeza chisa china kuseri, kapena khoswe, njoka kaya galu akumakutsogolerani.

FUNSO: Chimanga china chanyowa m'thumba n'kuchita chuku. Kutaya ndikuona kuwawa. Ndingagayitse n'kupatsa nkhuku? *Bambo wosafuna kuwononga*

YANKHO: Musatero, bambo. M'chimanga chachuku mumakhala poizoni wotchedwa aflatoxin, amene satha ndi kugaya, kuyanika kapena kuphika. Poizoniyu anadziwika kudzera m'ziweto za nthenga zomwe: mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wachuku wochokera ku Brazil. Kwa nkhuku amawononga chiwindi, amafooketsa chitetezo cha m'thupi moti ngakhale katemera sagwira bwino, anapiye amapinimbira, ndipo wina amatsalira m'chiwindi ndi m'mazira. Chikwirireni. Chakudya chabwinocho muzichisunga pouma, chosakhudza pansi, ndipo nyengo ya mvula musamagayitse cha miyezi yambiri nthawi imodzi.

FUNSO: Ndagula misoti itatu n'kuiphatikiza ndi nkhuku zanga zakale. Zakalezo zikuijompha mpaka umodzi watuluka magazi pamutu. Kodi ndi nkhanza chabe kapena pali chimene chikusowa? *Mtsikana woyamba kumene kuweta*

YANKHO: Mwana wanga, nkhuku zimadziwana ukulu. Iliyonse imadziwa imene ingaijomphe ndi imene iyenera kuipatukira. Katswiri wa ku Norway, Thorleif Schjelderup-Ebbe, anafotokoza zimenezi m'zaka za m'ma 1920, atakhala akuonerera nkhuku za pakhomo kuyambira ali mwana. Mlendo akalowa, zimayambana mpaka iliyonse idziwenso malo ake, ndipo zimazizira pakapita mlungu kapena iwiri. Koma magazi akaoneka, chotsa yovulalayo nthawi yomweyo, chifukwa nkhuku zikaona chofiira zimajompha osaleka mpaka kupha. Tsuka balalo ndi madzi a mchere pang'ono, ikhale payokha mpaka lipole. Pobwezera, uyambe wazilekanitsa ndi waya masiku angapo kuti zizionana osakhudzana, kenaka uiike pa mtengo wogonapo usiku. Ziwiya za chakudya zikhale ziwiri, motalikirana, kuti yaukali isalondere zonse. Onanso malo: sikweya mita imodzi ya khola isapitirire nkhuku 3 kapena 4, ndipo pa mtengo wogonapo iliyonse ikhale ndi masentimita 20 mpaka 25. Nkhuku zopanikizana, zosowa chopalasa, zimajomphana ngakhale popanda mlendo. Kumangirira mtolo wa masamba m'mwamba pang'ono kumazitangwanitsa.

Koma chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yako si ndewuyo. Misotiyo sinayenera kulowa m'khola tsiku limene inafika. Nkhuku iliyonse yochokera kwina, kaya yogula kaya yopatsidwa ndi munthu amene umamukhulupirira, ikhale payokha milungu itatu, kutali ndi zinzake, ndi ziwiya zakezake, ndipo uziyamba wasamalira zakale usanapite kwa yatsopano. Werenganso kalata ya mayi a nkhuku 18 aja. Poti zasakanikirana kale, uziyang'anire mwatcheru milungu imeneyi, ndipo ngati sizinalandire katemera koma zonse zikuoneka zathanzi, temera.

FUNSO: Thadzi linafungatira mazira 15, koma patatha milungu iwiri linathawa pachisa. Ulendo wapitawo linakhalira mpaka kumapeto koma theka anasukusa. Chikulakwika n'chiyani? *Agogo*

YANKHO: Agogo, lowetsani dzanja m'chisamo, mudikire pang'ono, kenaka muyang'ane pamkono. Mukaona tizilombo tofiira kapena totuwa tikuyenda, mwachipeza chimene chinathamangitsa thadzi lanu. Utitiri umabisala m'ming'alu masana n'kumayamwa magazi usiku, ndipo nkhuku yofungatira, imene imakhala malo amodzi masiku 21, ndiyo imazunzika kwambiri. Mathadzi ena amafera pamazira pomwepo. Udzu wakalewo muwotche, chisa chitsukidwe n'kuuma padzuwa, ming'alu imatidwe, ndipo pansi pa udzu watsopano muwaze phulusa kapena mankhwala a ufa opangidwira nkhuku. Mankhwala a kumunda kapena osungira chimanga musathire pa nkhuku. Pabwalo pakhale malo ouma a fumbi, mchenga ndi phulusa oti zizisambamo, ndi mmene zimadzichotsera nsabwe. Tizilombo tina timene timamatirira kuzungulira maso, pakanipo Vaseline timafa tokha, chimodzimodzi miyendo yochita mamba okakala.

Za mazira osukusa, 15 ndi ambiri kwa thadzi laling'ono. Dzira lotsalira kunja kwa mapiko limazizira, ndipo poti thadzi limatembenuza ndi kusinthanitsa mazira, lero lizizira ili, mawa lina, mapeto ake ambiri amawonongeka. Lipatseni 8 mpaka 12 malinga ndi kukula kwake. Ganiziraninso msinkhu wa mazirawo. Thadzi likamafika pa dzira la 15, loyamba lija limakhala litatha milungu iwiri kapena kuposa, chonsecho dzira likapitirira masiku 7 mpaka 10 mphamvu yake yoswa imatsika. Ine ndimalemba tsiku pa dzira lililonse ndi pensulo, akalewo timadya, atsopano ndi amene ndimaikira thadzi. Musawatsuke, chifukwa pa chigoba pali kachikuto kosaoneka kamene kamatsekera majeremusi kunja. Chisacho chitchingeni kuti mathadzi ena asamakaikiremo, mazira angakhale a masiku osiyana.

Pakati pa tsiku la 7 ndi la 10, usiku, unikani dzira lililonse ndi tochi. Lamoyo limaonetsa timitsempha ta magazi ngati ukonde wa kangaude. Loyera mbee mulibe kanthu, lichotseni lisanaphulikire anzake. Chakudya ndi madzi zikhale pafupi ndi chisa kuti thadzi likatsika lisachedwe kubwerera.

FUNSO: Poopa akuba, nkhuku zathu zimagona m'nyumba, pakona pa chipinda cha ana. Amuna anga akuti palibe vuto, koma ine mtima sukukhala m'malo. *Mayi wa mwana wokwawa*

YANKHO: Nkhawa ya abambo ndi yomveka, koma pano ndili mbali yanu, mayi. Chitosi cha nkhuku, ngakhale yooneka yathanzi, chimatha kukhala ndi majeremusi monga Salmonella ndi Campylobacter amene amatsegula m'mimba, ndipo mwana wokwawa amagwira pansi n'kuika dzanja m'kamwa. Chimfine cha mbalame cha H5N1, chimene chinapha anthu koyamba ku Hong Kong mu 1997, chimagwira makamaka okhala pafupi kwambiri ndi nkhuku zodwala. Mangani khola lolimba pafupi ndi zenera la kuchipinda kwanu, la chitseko chokhoma ndi loko, kuti phokoso lililonse muzilimva. Mpweya uzidutsa m'mwamba pansi pa denga, koma mphepo isawombe nkhuku pogona. Mukalowa m'mawa maso n'kuyabwa ndi fungo la zitosi, dziwani kuti nkhuku zapuma zomwezo usiku wonse. Khola lokwezeka, loyala timitengo tosiya timipata, limagwetsa zitosi pansi, ndipo mumazisesa mosavuta kukaziunjika kuti ziwole zisanapite kudimba, poti zaziwisi zimawotcha mbewu. Ana akagwira nkhuku kapena kutola mazira, asambe m'manja ndi sopo.

FUNSO: Ndamaliza sukulu ndipo ndasunga kandalama. Ndikufuna kuyamba ndi nkhuku zamazira 50 zachizungu chifukwa akuti zimaikira tsiku lililonse. Mungandilangize bwanji? *Mnyamata wofuna kudziimira payekha*

YANKHO: Ndakondwa nawe, mwana wanga. N'zoona kuti nkhuku zamazira zamakono zimafika mazira 300 pachaka, pamene yachikuda yoyenda yokha imaikira 40 mpaka 60, popeza nthawi yambiri imathera pa kufungatira ndi kulera. Koma 300 amenewo amachokera m'thumba la chakudya. Tenga pensulo. Nkhuku 50, iliyonse magalamu 120, ndi makilogalamu 6 patsiku, matumba oposa atatu a makilogalamu 50 mwezi uliwonse. Ndiponso msoti suikira mpaka utakwana milungu 18 mpaka 22, ndipo pofika pamenepo umakhala utadya kale makilogalamu 6 kapena 7. Chulukitsa ndi 50, uone chakudya chimene udzagule usanatole dzira ngakhale limodzi. Ndalama ikathera panjira n'kuyamba kuzipatsa madeya okha, mazira amaima koma kudya sikuima. Nkhuku zimenezi sizikondanso kufungatira, ndiye zikakalamba ugulanso anapiye ena.

Pakati pa ziwirizi pali mitundu monga Black Australorp ndi Rhode Island Red, yopereka mazira ndi nyama yomwe, yotha kupalasa pabwalo ukamaiwonjezera chakudya. Tambala wa mtundu umenewu pa mathadzi achikuda amabereka ana okulirapo, mathadziwo n'kumakuswetsera ndi kukulerera okha.

Ndikanakhala iwe ndikanayamba ndi mathadzi 8 kapena 10 ndi tambala mmodzi, ogula kwa mlimi amene khola lake waliona ndi maso, osati pamsika pamene nkhuku za makola ambiri zasakanikirana. Ndalama yoyamba ipite ku khola, kakhola ka anapiye ndi katemera, nkhuku zibwere pambuyo. Posankha, igwire m'manja: maso owala, mphuno youma, nthenga za kumbuyo zopanda chitosi, chifuwa chamnofu mbali zonse za fupa, miyendo yosalala. Ukhale ndi kabuku kolembamo mazira, chakudya, zakufa ndi masiku a katemera. Madzulo aliwonse pozitsekera uziwerenge, uone imene yatsalira m'mbuyo kapena yalephera kukwera pamtengo, upapase chithokomiro chake. Nkhuku yathanzi imagona chili chodzaza n'kudzuka chitaphwa. Imene yagona chili chopanda kanthu, kapena yadzuka chili chotupabe, ipatule nthawi yomweyo ndipo uitane mlangizi isanagwe yachiwiri. Mathadzi 10 amenewo, anapiye ukawasunga monga ndauzira bambo a nkhuku zachikuda aja, chaka chisanathe adzakupatsa nkhuku zoposa 50 ukuzifunazo, ndipo pofika pamenepo kabuku kako kadzakhala katakuuza kuti thumba la chakudya limatha masiku angati.